Nsalu ndiye agogo a kompyuta

Tikamva za malaya amene amawelenga kugunda kwa mtima, timaona monga ni zinthu zobwela dzulo. Koma cibale ca nsalu na kompyuta cinayamba kale.

Mu 1804, ku Lyon m'dziko la France, Joseph Marie Jacquard anapanga makina oluka nsalu otsatila makhadi obowola. Mabowo ndiwo anali kusankha ulusi woti unyamuke, maluwa n'kumatuluka okha pa nsalu. Charles Babbage wa ku England anatengela nzelu ya makhadiwo pokonza pulani ya makina ake owelengetsela, kholo la makompyuta a lelo.

M'zaka za m'ma 1960, azimayi a pa fakitale ya Raytheon ku America analuka na manja mapulogilamu a kompyuta ya m'combo ca Apollo. Waya wa kopa ukaloŵa m'kamphete ka maginito, inali 1. Ukalambalala, inali 0. Anthu anakaponda pa mwezi mu 1969 akudalila zoluka zimenezo.

Mu 1991, Sumio Iijima wa ku Japan anafotokoza za tumapaipi twa kaboni, tocepetsetsa kuposa tsitsi. Akatusakaniza mu ulusi, ulusiwo umapititsa malaiti, ndipo nsalu imatha kumva kutentha kwa thupi na kukokeka. Cimene cikali kuvutitsa akatswili ni kucapa, cifukwa sopo na kufikisa zimaononga ulusi wotele.

Kuno kwathu timalima thonje kum'mawa, timakumba kopa ku Copperbelt, koma fakitale ya Kafue Textiles inatsekedwa ndipo malaya timakasankha pa salaula. Thonje na kopa tili nazo. Amene akusoŵa ni oluka.