Hate, kuda ndi mahetazi a pa Chinkhoma

Nyengo yogulitsa fodya ndinali pamsika wa Chinkhoma ku Kasungu. Mnyamata wina, mabelo ake atagulidwa pamtengo wabwino, anauza mnzake kuti, "Aise, mahetazi akumudzi aja lero sagona." Agogo ena amene ndinakhala nawo pafupi anandikodola: "Mahetazi n'chiyaninso, mwanangu?" Ndinayankha kuti ndi adani. Ndili m'minibasi pobwerera, ndinaona kuti agogo aja ndinawanamiza.

Tiyambe ndi kumene liwuli lachokera. "Hate" ndi liwu lakale kwambiri m'Chingerezi. Zaka zoposa 1,000 zapitazo mneni wake anali "hatian", dzina lake "hete". Abale ake alipo mpaka lero: Ajeremani amati "Hass", Adatchi amati "haat". Akatswiri akalilondola kumbuyo amafika pa tsinde lakale "kad-", lomwe linabalanso liwu la Chigiriki "kedos". Koma "kedos" si chidani ayi. Ndi nkhawa, chisoni, ngakhale mwambo wa maliro.

Apa ophunzira ena amalumpha: "kad-" ndi "kuda", si zomwezo? Pepani, zangofanana. "Ku-" ndi mphatikiram'mbuyo chabe, tsinde lathu ndi "-da". Chimene chimandikoka ine ndi matanthauzo. Kunja kukada timalowa m'nyumba. Malaya akada timachapa. Mvula ikachedwa, mlimi wa ku Santhe amene nazale yake yakhwima amada nkhawa. Ndipo tenanti amene wagwira chaka chonse pa esiteti n'kuuzidwa kuti ngongole ya chimanga ndi feteleza yadya malipiro ake onse, amati "bwanayu amandida". Mdima, litsiro, nkhawa, chidani: m'kamwa mwathu zonsezi zimatuluka ndi "-da" mmodzi.

Kuchokera pamenepo tinaumba "kudana", "mdani", "udani", "chidani". Taonani "-an-" ameneyo, ngati wa mu "kukondana". Amafuna anthu awiri. Komabe lero timati "ndimadana ndi mowa", ngati kuti mowawo ukutibwezera. Sindikudandaula, chilankhulo chimayenda.

"Hater" wa mnyamata uja sanadzere m'kalasi. Anatchuka m'nyimbo za hip hop ku America m'zaka za m'ma 1990, n'kutifika kudzera pa wailesi ndi pa Facebook. Ife tinamuveka "ma-" kutsogolo osachotsa "-s" wa Chingerezi kumbuyo, kuchulukitsa kawiri. Ndipo heta si mdani. Mdani munalakwirana naye, mwina pa malire a munda, mfumu ikudziwa. Heta simunayambane naye n'komwe. Mumadyera limodzi pamaliro, koma njinga yamoto imene mwagula ndi ndalama za fodya ikumuwawa mumtima.

Agogo aja ndikanawauza kuti ndi anthu akaduka, akanangogwedeza mutu. Amenewo anawadziwa kalekale, msika wa Chinkhoma usanamangidwe.