Mbiri ya masewera athu, kuchokera ku masanje kufika pa bwalo la sukulu

Abale anga a kuno kumudzi ndi inu muli m'tauni, lero sindikamba za mtengo wa feteleza. Ndikufuna tikumbutsane za masewera a ana, chifukwa ndikuona kuti muli mankhwala amene tawataya.

Kale tikamaliza kukolola kunkakhala masanje. Ana ankakunkha chimanga ndi nyemba zotsala m'minda, n'kumanga timisasa taudzu kunja kwa mudzi. Wina ankakhala bambo, wina mayi, wina mfumu, wina fisi wodzaba ndiwo. Mkangano ukabuka, mfumu ya masanje inkaweruza, wolakwa n'kupepesa pamaso pa anzake. Taonani, mwana wa zaka 12 akuphunzira kumva mbali zonse ziwiri asanagamule mlandu.

Atsikana anali ndi phada ndi fulaye. Pa fulaye, uli pakati ukuzinda mpira kwinaku ukuthira mchenga m'botolo, ndipo anzako amene afa akudalira iwe kuti uwawombole. Ukachita mantha, gulu lonse lagwa. Anyamata tinali ndi nsikwa, kugwetserana zitsononkho, komanso mpira wachikulunga wopanda woyimbira. Popeza woyimbira kunalibe, tinkagwirizana tokha ngati chigoli chalowa. Wokwiya msanga ankapezeka kuti mawa lake palibe womusankha. Ameneyo ndiye anali mphunzitsi wa kuugwira mtima. Nayo bawo, ya mabowo 32 ija, inkatiphunzitsa kudikira ndi kuluza osatukwana.

Ku sukulu nthawi ya Kamuzu zinthu zinali zina. Apayoniya, gulu limene linayamba mu 1963, ankatipangitsa pelete ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo chaka chilichonse kunali Sabata ya Achinyamata yogwira ntchito zachitukuko. Mwambo unalipo ndithu, koma wambiri unali wa mantha. Mwana ankamvera, koma samaphunzira kunena zakukhosi. Gululi linatha mu Disembala 1993 pamene asilikali analilanda zida.

Mu 1994 a Bakili Muluzi anachotsa fizi ku pulayimale. Ana anachoka pafupifupi 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Zinali zabwino, ana a ife osauka analowa m'kalasi. Koma mphunzitsi mmodzi wa ana oposa 100 angapeze bwanji nthawi yowatulutsa pabwalo? Edzi itavuta kunabwera phunziro la Life Skills, lonena za kudziletsa, kukana zoipa ndi kuthetsa mikangano. Kenako silabasi yatsopano ya 2007 inaika masewera, nyimbo ndi zaluso m'phunziro limodzi la Expressive Arts. Vuto ndi lakuti zambiri zinasanduka zolemba pabolodi. Mwana amaloweza tanthauzo la kugwirizana n'kukhoza mayeso, koma sanagwirizanepo ndi mnzake pa chilichonse. Kodi munthu angaphunzire kupalasa njinga pongokopera manotsi?

Lero achinyamata athu akaweruka ali ku vidiyo, ena pa foni akubetcha mpira. Akayambana pang'ono, mpeni. Chibwenzi chikatha, timamva maliro a mwana wodzipha. Sindikunena kuti fulaye angathetse zonsezi ayi. Koma mwana amene waluzapo kambirimbiri pabwalo, anzake n'kumuseka, mawa n'kubwereranso, amadziwa kuti manyazi sapha munthu.

Ndipo si za mtima zokha. Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015, ndi mwana wa kumudzi ku Mzimba.

Tsono pempho langa nali. Ife a kuno tisamalime mpaka m'bwalo la sukulu, mizere iwiri ya chimanga siingatilemeretse. A komiti ya sukulu akambirane ndi aphunzitsi kuti masana amodzi pa sabata akhale a masewera, ndipo akatha ana azikhala pansi n'kukambirana: wakwiya ndani, chifukwa chiyani, tikanatani? Agogo amene akudziwa bawo ndi nsikwa aitanidwe akaphunzitse. Inu a ku Lilongwe, Blantyre ndi ku Joni, mukamabwera pa Khirisimasi tengani mpira umodzi, osati shuga yekha. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Lembani m'munsimu masewera a kwanu amene ndawasiya, ana athu awerengeko.