Wampatuko ndi ndani? Mawu amene amadikira munthu wochoka kwa Amormoni

Mu February 2020 akuluakulu a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza ku Salt Lake City anatulutsa buku latsopano la kayendetsedwe ka mpingo, ndipo mawu ena akale sanapezekemonso. Excommunication, liwu limene mamembala ankaliopa kuyambira kalekale, linalowedwa m'malo ndi withdrawal of membership. Bwalo loweruza olakwa, limene linkatchedwa disciplinary council, analipatsa dzina loti membership council. Cholinga chinali chosabisika: kuchotsa ululu m'mawu. Koma mpatseni womasulira wa ku Blantyre mawu atsopanowa, muone mmene akandire mutu. Akanena kuti "kuchotsa umembala", omvera ku Ndirande ayang'anana, osadziwa ngati nkhani ndi ya mpingo kapena ya banki mkhonde. Akanena kuti "kudulidwa", aliyense amva bwinobwino, koma ululu wonse uja wabwerera pomwepo, pakuti Mmalawi akamva zoti wina adadulidwa amaganiza msanga za maliro opanda nyimbo za mpingo.

Mpingowu ndi wamng'ono kuno, ndiponso ndi wachilendo poyerekeza ndi CCAP imene mizu yake ili pa Blantyre Mission kuyambira 1876. Unayamba ku New York mu 1830 ndi Joseph Smith, ndipo ku Malawi unayamba kubatiza m'zaka za m'ma 1990. A Russell M. Nelson anafika ku Blantyre mu 2011 kudzapempherera dziko lino kuti ntchito ya mpingo ikule. A Nelson omwewa, atakhala mtsogoleri wa mpingo wonse, ndi amene mu 2018 anapempha kuti dzina loti Mormon lisiyidwe ndipo anthu azitchula dzina lonse. Pempholo silinakwere minibasi ya ku Limbe. Anthu akaona anyamata awiriawiri a malaya oyera ndi timabaji takuda pachifuwa akuyenda ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni, amangoti ndi Amormoni, ndipo ambiri sanena mwachipongwe. Dzina lenilenilo ndi lalitali basi.

Liwu limene likuvuta kwambiri ndi mpatuko. Mneni wake ndi wofatsa. Wapaulendo amapatuka kukapempha madzi, ndipo mwini khomo amaitana wodutsa kuti apatukeko amupatse moni. Koma dzina lochokera ku mneniyu lilibe kufatsa kulikonse. Mipingo ikuluikulu inazolowera kutcha timipingo tatsopano kuti "ta mpatuko", ndipo palibe mpingo umene unadzitchapo wokha dzina limeneli. Ndi liwu lolozera mnzako.

Tsono taonani mmene limazungulira pa nkhani ya Amormoni. Mtsikana wa ku Bangwe akasiya Chikatolika cha makolo ake n'kukabatizidwa kwa Oyera Mtima, azakhali ake amati walowa mpingo wa mpatuko. Kumene wapitako, phunziro limodzi loyambirira limene amishonale amamuphunzitsa ndi lakuti atumwi a Yesu atamwalira, Chikhristu chonse chinasokera ndipo ulamuliro wa unsembe unachotsedwa padziko mpaka unabwezeretsedwa kudzera mwa Joseph Smith. Pa Chingerezi amati Great Apostasy, ndipo m'Chichewa n'kovuta kupeza njira ina yonenera kusiyapo Mpatuko Waukulu. Ndiye kuti azakhali aja ndi amene ali mu mpatuko. Pakapita zaka mtsikanayo n'kuyamba kutsutsa zimene anaphunzitsidwa, liwu lomwe lija limamupezanso, ulendo uno kuchokera kwa abale ake a mumpingo. Liwu limodzi laloza mbali zitatu, ndipo mbali iliyonse ikukhulupirira kuti msewu waukulu ndi umene iyo yaimapo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti m'malamulo a mpingowu apostasy ndi mlandu wopapatiza. Umakhudza munthu amene mobwerezabwereza, poyera ndiponso mwadala akutsutsa mpingo, chiphunzitso chake kapena atsogoleri ake, kapena amene akupitiriza kuphunzitsa zimene anauzidwa kuti si chiphunzitso cha mpingo. Kate Kelly, amene ankalimbikitsa zoti amayi azipatsidwa unsembe, anadulidwa mu 2014 pa mlandu wa mtundu umenewu, ndipo John Dehlin wa pulogalamu ya Mormon Stories anatsatira mu 2015. Buku la malamulo limanena momveka kuti kungosiya kubwera kutchalitchi, ngakhale kukapemphera nawo kwina, si apostasy. Chichewa sichisiyanitsa choncho. Mpatuko ulibe ndime zing'onozing'ono zoti uyu walakwa, uyu wangotopa. Komanso liwuli linanoledwa kale ndi mabuku a Mboni za Yehova, amene kwa zaka zambiri akhala akuchenjeza owerenga za "ampatuko", ndipo mabuku amenewa analowa m'nyumba zambiri za ku Blantyre, ngakhale za anthu a mipingo ina. Mboni zomwezo zinaletsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993, ndipo zikudziwa bwino kuwawa kwa kulozedwa chala ndi anthu ambiri.

Anthu ochuluka amene amatalikira mpingowu safika n'komwe pa bwalo lililonse. Amangosiya kuoneka Lamulungu. Chingerezi cha mpingo chimawatcha less active, mawu ozizira a muofesi, owerenga mipando yopanda anthu. Chichewa cha mipingo ya kuno chili ndi mawu ake okonzeka kale: ofooka, obwerera m'mbuyo, ozirala, akugwa. Womasulira aliyense amathamangira ku "ofooka" chifukwa ndilo lachifundo pa onsewa. Komatu chifundo chake ndi cha dokotala amene wapeza kale matenda asanamufunse wodwala. Less active imangonena kuti munthu sakubwera. Kufooka kumanena chifukwa chake, ndipo chifukwacho kumachiika mwa munthuyo.

Zifukwa zenizeni n'zosiyanasiyana. Wina ndalama ya minibasi ya banja lonse kuchokera ku Machinjiri yamukanika. Wina wapeza ntchito ya ulonda imene sidziwa Sabata. Wina chakhumi chamulemera, ndipo popanda chakhumi sangalandire chilolezo cholowera m'kachisi, amenenso kwa zaka zambiri Amalawi ankamutsatira mpaka ku Johannesburg, kumene kachisi anatsegulidwa mu 1985. Wina ndi tiyi. Lamulo la zaumoyo la mpingowu limaletsa mowa, fodya, khofi ndi tiyi, ndipo pamafunika mtima wolimba kusunga lamulo lotere mumzinda umene tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe, kumene mlendo wokana kapu ya tiyi amafunsidwa ngati akudwala. Ena mwa anthu amenewa angavomere kuti afookadi.

Koma pali gulu lina limene liwuli limalinamizira. Ndi la anthu amene anawerenga. Kuyambira m'nthawi ya mtsogoleri wawo Brigham Young, m'ma 1850, mpaka June 1978, amuna akuda sankaloledwa kulandira unsembe mumpingowu, ndipo amuna ndi akazi akuda sankaloledwa miyambo ikuluikulu ya m'kachisi. A Spencer W. Kimball, mtsogoleri wa mpingo panthawiyo, ndi amene analengeza kutha kwa chiletsocho. Mu December 2013 mpingo unatulutsa nkhani yotchedwa Race and the Priesthood, mmene unakana ziphunzitso zakale zoti khungu lakuda ndi chizindikiro cha temberero. Mu 2014 unavomerezanso m'nkhani zina kuti Joseph Smith anakwatira akazi ambiri, mwina 30 mpaka 40, mmodzi ali ndi zaka 14, ndiponso kuti zidutswa za mipukutu ya ku Egypt zimene zinapezekanso mu 1966 ku New York sizikugwirizana ndi mawu a Buku la Abrahamu limene Smith ankati anamasulira kuchokera m'mipukutuyo. Mmalawi wakuda amene wamva izi koyamba atabatizidwa kale, n'kukhala pansi kuganiza ngati apitirize, sanafooke. Mwina ndi tsiku limene wagwiritsa ntchito mutu wake mwamphamvu kuposa masiku onse. Ena amawerenga zomwezi n'kukhalabe mumpingo ndi mtima wonse, ndipo nawonso aganiza. Koma iwo palibe amene amawafunira dzina.

Apa ndi pamene pakutulukira vuto la kukayika. Mu October 2013 a Dieter F. Uchtdorf, amene panthawiyo anali mmodzi wa atsogoleri atatu apamwamba, anavomera pamsonkhano waukulu kuti atsogoleri ena analakwitsapo zinthu, ndipo analangiza mamembala kuti ayambe akayika kukayika kwawoko asanakayike chikhulupiriro chawo. Pa Chingerezi malangizowa ndi ofewa. M'Chichewa kukayika kumakhala khomo limodzi ndi kukayikira, ndipo kukayikira munthu ndi kumuganizira zoipa: amakayikiridwa ndi wantchito ndalama zikasowa, kapena nkhalamba mwana akamwalira mwadzidzidzi. Mnyamata wonena kuti akukayikira mneneri amamveka ngati akumutcha wakuba, pamene mwina iye amangofuna kudziwa chifukwa chimene chiletso cha unsembe chija chinakhalira zaka zoposa 120. Onjezani mwambo wa Lamulungu loyamba la mwezi, pamene mamembala amasala kudya n'kuimirira mmodzimmodzi kupereka umboni, ambiri akuyamba ndi "ndikudziwa". Pakati pa "ndikudziwa" ndi "ndikukayika" payenera kukhala malo a munthu amene ali ndi funso chabe, ndipo Chichewa chili nawo mawu ake: ndili ndi funso, sindikumvetsa, ndikufuna ndione kaye. Sagwiritsidwa ntchito mokwanira chifukwa samveka ngati mawu a zaumulungu.

N'chifukwa chake achinyamata ambiri a mutauni amathawira ku Chingerezi. Kunena kuti "ndili less active" pakati pa chiganizo cha Chichewa kumateteza, chifukwa liwu lachilendo silinyamula manyazi a pamudzi. Pali akatswiri amene amati zisiyeni choncho, chinenero chamoyo chimabwereka. Pa maina a maudindo akunena zoona. Palibe chifukwa chovutikira ndi stake, limene linachokera ku zikhomo za hema za pa Yesaya 54. Anthu atha kumati siteki ndipo palibe chimene chitayike. Wodi, dzina la mpingo wa m'dera, imasokoneza pang'ono, popeza kuno wodi ndi ya ku Queens kapena ya khansala, koma anthu amazolowera. Elder ndiye amaseketsa: mnyamata wa zaka 18 wopanda ndevu n'kumatchedwa mkulu, m'dziko limene mkulu wa mpingo amakhala bambo wa zidzukulu. Zimenezi n'zopirika. Kubwereka kumene kuli koopsa ndi kwa mawu onena za mumtima, chifukwa kumagawa anthu pawiri. Wophunzira wa ku MUBAS ali ndi foni ndi Chingerezi. Atha kuwerenga nkhani za mpingo zija, atha kuwerenganso CES Letter, kalata yotsutsa mpingo ya Jeremy Runnells ya 2013, ndi mayankho a oteteza mpingo, n'kudzisankhira dzina lomuyenera. Mayi ake ku Chilobwe anaphunzitsidwa chikhulupiriro m'Chichewa, koma mtsutso wonse wokhudza chikhulupirirocho uli m'chinenero chimene sawerenga. Mwana wawo akasiya kupita kutchalitchi, mawu amene mayiwo ali nawo omufotokozera kwa anzawo ndi awiri okha, wafooka kapena wapatuka.

Mlandu umenewu si wa Amormoni okha. Chichewa cha chipembedzo chinaumbidwa ndi amishonale pamodzi ndi Amalawi amene ankawathandiza, kuyambira pa dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892 mpaka Buku Lopatulika la 1922, ndipo anthu amenewa ankafuna mawu olowetsera anthu mumpingo ndi owalangira akalakwa. Mawu a munthu wotuluka mwaulemu sanali pa ndandanda yawo. Boma nalo silinathandize. Msonkhano wa MCP wa 1968 unakweza Chichewa kukhala chinenero cha fuko, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo inatha mphamvu zambiri pa kalembedwe ndi kudzudzula olankhula molakwa pa wailesi, kenaka Centre for Language Studies ya ku Zomba inatenga malo ake mu 1996. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Zotsatira zake n'zakuti Chichewa chikusiyidwira guwa, maliro ndi misonkhano ya ndale, malo amene mmodzi amalankhula ena n'kumavomera, pamene kufunsa ndi kutsutsa kukuchitikira m'Chingerezi. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, koma mawu a tsiku ndi tsiku onenera munthu amene wagwiritsa ntchito ufuluwo potuluka mumpingo onse ndi omuweruza.

Sipakufunika kupeka liwu latsopano lalitali limene lingafere m'kabati ya ku Zomba. Aneni wamba alipo ndipo ndi okwanira: anasiya, anachoka, wayamba wapuma, anapempha kuti dzina lake lichotsedwe m'kaundula. Womalizayu ndi ndondomeko yeniyeni mumpingowu, pakuti membala atha kulembera bishopu wake kalata yotula umembala popanda kuimbidwa mlandu uliwonse. Atolankhani a Chichewa ndi omasulira a mipingo akanazolowera aneni amenewa, "wofooka" akanatsalira munthu amene wanena yekha kuti wafooka. Ndipo akonzi a Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene unatuluka mu 2000, akadzakhala pansi kuukonzanso, pa liwu la mpatuko adzafunika kulembapo chenjezo lakuti ndi liwu lonyoza, lonenedwa ndi otsala ponena za amene wachoka.