ZIMENE ANA ATHU ANANYAMULA POPITA KU SUKULU

Abale ndi alongo, tiyeni tiime m'mbali mwa mseu m'mawa, tione ana akupita ku sukulu. Wina wanyamula buku. Wina wagwira tsace. Wina ali ndi mbatata yoocha m'thumba. Mseu umenewu ucokera ku Tete, udutsa pa Moatize, ndipo ukwera mapiri mpaka ku Zóbuè, pa malire ndi Malawi. Ana ayenda m'dera lino kupita ku sukulu zaka zambiri, koma zimene amanyamula m'manja zakhala zikusintha. Tikazidziwa zimenezo tidzadziwa mbiri ya sukulu yathu. Tidzadziwanso cifukwa cace ambiri m'kalasi mwathu muno akuyamba a, e, i, o, u ali ndi imvi.

Ife alangizi anu tinabadwa nkhondo itatha. Zina tinaziwerenga m'mabuku, zina tinazimva kwa inu eni ace. Pamene tasiya, mutionjezere.

1. KHASU

Pa nthawi ya atsamunda Acipwitikizi panali sukulu za mitundu iwiri. Sukulu za boma zinali za ana a azungu ndi a anthu ocepa amene boma linkawacha assimilados. Ana a anthu akuda a m'midzi anali ndi sukulu yao yaing'ono, yochedwa ensino rudimentar. Mu 1940 dziko la Portugal linacita pangano ndi Vatican, ndipo mu 1941 lamulo linapereka sukulu za m'midzi zimenezi m'manja mwa mamishoni a Katolika.

Kodi mwana ankaphunzira ciani? Ankaphunzira katekisimu, Cipwitikizi, masamu pang'ono, ndi mbiri ya Portugal. Ankaloweza maina a mitsinje ya ku Ulaya, koma za Revúboè ndi Zambezi, kumene makolo ace ankapha nsomba, sankamva zambiri. Lamulo linkalola cinenero ca kwathu pophunzitsa cipembedzo cokha. Zina zonse zinali m'Cipwitikizi. Wolakwa ankatambasula dzanja kulandira palmatória, thabwa la zibowo lija akuluakulu amalicha mbalamatodya.

Ndipo mwana ankanyamula khasu. Nthawi yaikulu inkathera m'munda wa mishoni kapena wa mphunzitsi. Ambiri ankabwereza kalasi limodzi kawiri kapena katatu. Pofika pomaliza anali atakula kale, msinkhu wopitira patsogolo utapyola. Atsikana anali ocepa kwambiri.

Zimenezi sizinacitike mwangozi. Ku Moatize kunali migodi ya malasha, ndipo njanji inafika kumeneko mu 1949. M'minda ya thonje ndi pa cibalo ca m'miseu munkafunika anthu. Atsamunda ankafuna manja athu, sankafuna nzeru zathu.

Koma tinene zoona zonse. Ca m'ma 1950 ku Zóbuè kunatsegulidwa seminale, pamene bishopu wa ku Beira anali Dom Sebastião Soares de Resende. Ansembe ochedwa Padres Brancos anaphunzitsa kumeneko anyamata ocokera kutali, ndipo ena mwa iwo anatseguka maso. Mu 1971 ansembe amenewa anacoka m'dziko muno, posafuna kukhala cete pa nkhanza za atsamunda. Komabe seminale inali ya anyamata owerengeka. Mwana wa m'mudzi anatsala ndi khasu lace.

2. MAKALA NDI CINANGWA

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Sepitembala 1964, ndipo mu 1968 inakula m'cigawo ca Tete. M'madera amene atsamunda anathawamo, Frelimo inatsegula sukulu pansi pa mitengo. Kunalibe coko, kunalibe makope. Mphunzitsi ankalemba ndi cinangwa couma pa thabwa lodetsedwa. Ana ankalemba ndi makala, kapena ndi cala pa mcenga. Ndege zikamveka, onse ankathawira m'maenje, ndipo nthawi zina sukulu yonse inkasamukira ku chire lina.

M'sukulu zimenezi munali lamulo labwino: wodziwa pang'ono aphunzitse amene sadziwa konse. Mnyamata wa kalasi lacitatu ankaphunzitsa a kalasi loyamba. Lamulo limeneli ndi limene likutiyendetsa ifenso m'kalasi la akulu.

Pa zaka zomwezo anthu ambiri a m'Tete anasamutsidwa mokakamizidwa, naikidwa m'midzi yolondedwa ndi asilikali, yochedwa aldeamentos. Anasiya minda yao ndi manda a makolo ao. Mwana wa njala ndi mantha saphunzira bwino.

3. NJERWA YOKHALIRA

Pa 25 Juni 1975 dziko la Moçambique linalandira ufulu. Tsiku limenelo, mwa anthu 10 ali onse, oposa 9 sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Cimeneci ndico coloŵa cimene atsamunda anatisiyira.

Pa 24 Julayi 1975 Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti sukulu zonse, za mamishoni ndi za anthu wamba, zikhale m'manja mwa boma. Nduna ya maphunziro inali Graça Simbine, amene pambuyo pace anadziwika ndi dzina la Graça Machel. Makolo anadula mitengo, anamweta udzu, namanga makalasi ndi manja ao. Mipando kunalibe. Mwana ankanyamula njerwa, mwala kapena citini coti akhalire. Pa nthawi ya ufulu ana a m'sukulu za pulaimale m'dziko lonse anali pafupifupi 700,000. Pofika 1979 anali pafupifupi 1,500,000.

Aphunzitsi anacepa, pakuti Apwitikizi ambiri anali atapita kwao. Acinyamata amene anamaliza kalasi lacinai anaphunzitsidwa kanthawi kocepa, napatsidwa kalasi. Munda wa sukulu sunathe, koma tsopano cinali colinga cakuti zokolola zithandize sukulu yomweyo.

Mu 1978 inayamba nchito yaikulu yoyamba yophunzitsa akulu kuwerenga m'dziko lonse. Kalembera wa 1980 anapeza kuti osadziwa kuwerenga anali 72 mwa 100 ali onse. Tinali titayenda ndithu. Koma panali bvuto limodzi lalikulu: maphunziro onse, a ana ndi a akulu, anali m'Cipwitikizi cokha. Mai amene amalankhula Cinyanja ku Zóbuè, kapena Cinyungwe ku Moatize, ankayenera kuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: zilembo ndi cinenero cacilendo. Ambiri anatopa, nasiyira panjira. Sikunali kupusa kwao ai. Katundu anali wolemera.

Mu 1983 lamulo latsopano linakhazikitsa sukulu ya pulaimale ya makalasi 7. Koma pamenepo nkuti moto utayamba kale kuononga.

4. PHUKUSI

Nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo inatha zaka 16. Sukulu zinatenthedwa. Aphunzitsi ena anaphedwa, ena anagwidwa, ena anathawira m'matauni. M'dziko lonse sukulu za pulaimale zoposa theka zinaonongedwa kapena kutsekedwa. Sitima ya malasha inaleka kuyenda. Pa mseu wa Tete ndi Zóbuè magalimoto ankayenda mondondozana, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe.

Pamenepo mwana sananyamule buku. Ananyamula phukusi pamutu ndi mng'ono wace kumbuyo, naoloka malire. Anthu a kwathu oposa 1,000,000 anathawira ku Malawi, m'maboma monga Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Nsanje. Anzathu a ku Malawi anatilandira, pakuti cinenero ncimodzi ndipo mafuko ndi amodzi. M'misasa ya othawa nkhondo munali sukulu, koma si ana onse anaziona. Ena anaphunzira caka cimodzi kuno, caka cina uko, ndipo ena sanaponde konse m'kalasi.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992. Anthu anabwerera, napeza makoma opanda denga ndi mitengo itamera m'makalasi. Amene anacoka ali ndi zaka 7 anabwera ali ndi ndebvu, kapena ali ndi mwana kumbuyo.

Anzathu, ambiri a inu ndinu ana a phukusi amenewo. Musacite manyazi kukhala pa benci lino. Sukulu simunaikane. Anakulandani.

Ndipo tisaiwale kuti mtendere ndi wofunika kuusamala. Mu 2015 ndi 2016 mfuti zinaliranso m'boma la Moatize, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza. Ana anasiyanso makalasi ao. Mfuti ikalira, woyamba kutaya ndi mwana wa sukulu.

5. BUKU

Nkhondo itatha, funso lakale linabweranso: kodi mwana ayambe kuphunzira m'cinenero citi? Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa njira yatsopano, yochedwa PEBIMO, m'zigawo ziwiri zokha. Ku Gaza anagwiritsa nchito Xichangana. Kuno ku Tete anagwiritsa nchito Cinyanja cathu. Ana anayamba kuwerenga m'cinenero ca amai ao, ndipo Cipwitikizi cinkalowa pang'onopang'ono. Zinaoneka kuti ana otere saopa kuyankha ndi kufunsa m'kalasi. Mu 2003 njira imeneyi inayamba kufalikira ku sukulu zina za m'midzi.

Zinanso zinasintha. Mu 2003 boma linayamba kutumiza ndalama molunjika ku sukulu, zogulira coko, makope ndi zina zothandiza ana osowa. Thandizo limeneli limachedwa ADE. Caka comweco kunakhazikitsidwa bungwe la sukulu, Conselho de Escola, m'mene mumakhala makolo, aphunzitsi, ana ndi anthu a m'mudzi. Mu 2004 boma linathetsa malipiro a sukulu ya pulaimale, ndipo mabuku a pulaimale ndi aulere. Mu 2013 linabvomereza dongosolo la cakudya ca pa sukulu, ngakhale kuti silinafike pa sukulu zonse.

Mu 2018 lamulo latsopano linati pulaimale ikhale ya makalasi 6, ndipo mwana ali yense aphunzire kufika kalasi la 9. Mu Disembala caka comweco linacotsedwa lamulo la 2003 limene linkatumiza mtsikana wa pakati ku sukulu ya usiku. Mu 2019 kunabwera lamulo loletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Kalembera wa 2017 anapeza kuti akulu osadziwa kuwerenga anali 39 mwa 100, ndipo ambiri mwa iwo anali amai. Kucokera pa 93 kufika pa 39 ndi ulendo wautali, koma sitinafike.

6. NCHITO YATSALA NDI YATHU

Tsopano tione tsiku la mwana wathu. Amafika m'mawa, amasesa pabwalo, amaima pa mzere ndi kuimba nyimbo ya fuko. Mphunzitsi amaitana maina. Amaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu, amasewera mpira ndi fulaye. Popeza makalasi ndi ocepa, gulu lina limalowa m'mawa, lina masana, ndipo ena akali pansi pa mtengo.

Koma funsani mphunzitsi akuonetseni buku la maina. Caka cikamayamba, maina amayankhidwa onse. Miyezi ikamapita, ena amaitanidwa koma palibe woyankha. Wina akugulitsa nthoci kwa a magalimoto pa malire. Wina akukankha njinga ya makala pa mseu. Wina akuweta mbuzi. Wina wagona ndi njala, miyendo yakana. Wina wakwatiwa. Lero palibe mbalamatodya, palibe ndege za nkhondo. Amene amabweza mwana panjira kawirikawiri ndi umphawi, ndipo nthawi zina ndi ife eni ace.

Mai wina wa m'kalasi mwathu anatiuza nkhani iyi. Zaka zonse mwana wace ankabwera ndi kope, iye nkumangoti: "Wacita bwino, mwanangu." Ataphunzira zilembo, tsiku lina anatsegula kopelo yekha. Anapeza kuti masamba a milungu itatu anali oyera. Mwanayo ankacoka m'mawa ndithu, koma ankathera pa msika. M'mawa mwace maiyo anamperekeza mpaka pakhomo pa kalasi, nalankhula ndi aphunzitsi. Mwanayo akali pa sukulu. Ndipo pa msonkhano wa makolo maiyo sadindanso cala. Amalemba dzina lace.

Nazi zimene tonse tingathe kucita. Tilembetse mwana akakwana zaka 6, wamwamuna ndi wamkazi yemwe. Timpatse kanthu kodya asanacoke, ngakhale phala kapena mbatata. Madzulo titsegule kope lace, atiwerengere, ifenso timwerengere. Buku la boma tilikutire ndi kulisunga pouma, pakuti caka camawa lidzathandiza mwana wina. Tipite ku misonkhano ya bungwe la sukulu, tifunse kuti ndalama za ADE zinabwera zingati ndipo zagula ciani. Tikaona mwana wa mnansi wasiya sukulu, tikaceze ndi makolo ace. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Agogo athu ananyamula khasu. Ena ananyamula makala, ena njerwa, ena phukusi. Mwana wa lero wanyamula buku. Tiyeni tione kuti bukulo lisagwe m'manja mwace.

TIKAMBIRANE

1. Kodi inu munanyamula ciani popita ku sukulu? Ngati simunapite, cinakuletsani nciani?
2. Kodi cinacitika nciani pa 24 Julayi 1975?
3. Cifukwa ninji akulu ambiri anasiyira panjira maphunziro amene anayamba mu 1978?
4. M'mudzi mwathu muno, ndi mwezi uti umene ana amajomba kwambiri? Tingacitepo ciani?

TILEMBE

Lembani m'kope mwanu maina a ana onse a pakhomo panu. Pambali pa dzina lili lonse lembani zaka zace ndi kalasi lace. Mawa mubwere nalo kopelo, tidzawerengere pamodzi.