Mmene Mbumba ya aNaphiri Idayambira Kuno ku Ntcheu

Adzukulu inu, ngati makina anuwo ayamba kujambula, khalani pansi ndikuuzeni. Ife mchombo wathu sudagwere kuno ayi. Kwathu kwenikweni ndi ku Lunzu, kufupi ndi Blantyre, ndipo amene adatifikitsa pamtunda pano ndi mayi anga aNaphiri, omwe akuwothera dzuwa pakhondepo.

Zaka zawo musawafunse, sadaziwerengepo. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 adawalembera 1925, mongoyerekeza. Eni ake amati pamene anyamata ankatengedwa kupita ku Keyala pa nkhondo ya Hitler, iwo anali atavinidwa kale chinamwali.

Chidatichotsa ku Lunzu ndi njala ya 1949. Mvula idabwera bwino poyamba, chimanga chidamera, kenaka kumwamba kudangoti mbee, dzuwa n'kuwotcha mmera wonse. Anthu adadya gaga, kenaka mizu ya nthochi ndi mpama wa kutchire, umene ukapanda kuuphika bwino umapha. Bambo anga adatsanzika kuti akukafuna ntchito ku Halale. Sadabwerenso, adasanduka mtchona. Amuna ambiri adachita zomwezo chaka chimenecho, ndipo ine mpaka lero sindiwaikira kumbuyo.

Mayi adamva kuti kumapiri a ku Ntcheu mvula idagwako. Adabereka mlongo wanga wamng'ono kumsana, ine ndi achemwali kutigwira pamkono, pamutu dengu lokhala ndi mphika, khasu ndi kansalu komangamo njere za mapira ndi nzama. Njere zimenezo tidazilirira panjira kuti atikazingire, iwo adakana, misozi ili mbwembwembwe. Tidawoloka Shire pa Matope. Tinkagona m'makonde mwa anthu, m'mawa mayi n'kukasuma: kupalira munda wa eni tsiku lonse, malipiro ake lichero la mbatata.

Atafika kuno, mfumu idawayang'ana mkazi wopanda mwamuna, wopanda nkhoswe, n'kuwaloza tsala lodzaza miyala limene aliyense adalikana. Miyala mwaiona mulu kumalire kwa munda ija adaitola ndi manja awo. Dzinja lotsatira adabzala njere za m'kansalu zija. Atakolola mapira adayamba kufulula mowa wa masese, ndipo ndalama za mowawo ndizo zidandilipirira sukulu. Adaumbanso mbiya n'kumasinthanitsa ndi nkhuku, nkhuku zidabala mbuzi.

Adabwera amuna awiri kudzawafunsira, onse akufuna kuwatenga chitengwa. Mayi adati, “Wondifuna adzamange nyumba pano. Ndikachoka, ana anga aakazi adzalima pati?” Wachiwiriyo adavomera chikamwini, ndipo adabereka naye ana ena anayi. Mudzi udayambira pamenepo. Alongo anga atakula, akamwini adadzamanga mozungulira nyumba ya mayi, ana awo aakazi nawonso chimodzimodzi, mpaka nyumba zafika kudambo kuja. Ine ndidakakwatira kwina monga mwa mwambo, ndabwerera muukalamba uno kudzayang'anira mbumba.

Uzamba adauphunzira kwa mayi wina wachingoni. Masiku amenewo chipatala chinali kutali, ndiye theka la anthu a msinkhu wa makolo anu m'dera lino lidafikira m'manja mwawo. Boma litaletsa azamba kubereketsa m'midzi, iwo adali atasiya kale, maso atachita khungu pang'ono.

Imfa aziona zambiri. Mwa ana asanu ndi awiri tatsala atatu. Matenda a edzi adatenga adzukulu awo angapo, ndipo ana amasiyewo adakulira pa mphika wawo. Sukulu yaulere itayamba mu 1994, ankawadzutsa tambala woyamba, atsikana ndi anyamata omwe, ngakhale iwo sadziwa kulemba dzina lawo. Mwa ana amenewo mudatuluka aphunzitsi awiri ndi namwino. Njala ya 2002 itafika, ena adali atawaseka kale kuti amakakamira chinangwa ndi mapira pamene anzawo adasamukira ku chimanga cha haibulidi. Chaka chimenecho osekawo adadzaima pamzere pakhomo lomweli, ndipo sadabweze ndi mmodzi yemwe.

Tsopano ndikumva kuti ena mwa inu mukunong'onezana zogulitsa dimba la kudambo kwa anthu a m'tauni. Ndikulankhula monga mwini mbumba: dimbalo ndi la alongo anu ndi ana awo, silipita kulikonse. Amene akufuna kutsutsa apite pakhondepo akawauze eni ake pamaso, makutu awo akadali kumva.