Nyumba ya Kumapeto kwa Mdadada

Ku Mulanje kuno, nyumba zambiri zakale za njerwa zootcha siziima pazokha. Zimakhala mumdadada: denga limodzi la malata, zitseko zingapo zoyang'ana mbali imodzi, makoma ogawana. Midadada yakale kwambiri ilipo ya mitundu iwiri. Wina ndi malaini a m'maesiteti a tiyi, winawo ndi masitolo amene amwenye adasiya pa boma ndi m'malo a malonda ngati Chitakale ndi Limbuli. Ine ndili mkati mogula nyumba ya mtundu wachiwiriwu, ya kumapeto kwenikweni kwa mdadada, chakufupi ndi pa Chitakale. Ndalama zake ndi zonse zimene ndasunga chimalizireni yunivesite, kuphatikizapo kangongole ka kuntchito. Ndiye musadabwe kuti ndafufuza mbiri yake ngati ankhoswe ofufuza mtundu ukwati usanamangidwe. Chimene ndapeza n'chakuti mafunso onse amene wogula amafunsa lero, za khoma, za denga, za mapepala, mayankho ake ali m'zaka zoposa 130 zapitazi.

Nthaka itakhala ya papepala

Dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston adapeza azungu angapo akunena kuti adagula kale malo kwa mafumu, ena ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Kuyambira 1892 adayamba kuwapatsa zikalata zotchedwa Certificate of Claim. Pepala limeneli lidasandutsa nthaka ya m'tsinde mwa phiri, imene Amang'anja ndi Ayao ankalima, kukhala ya munthu mmodzi mpaka kalekale. Zambiri mwa zikalatazo zinali ndi mawu akuti midzi imene inalipo kale isasunthidwe, koma mawuwo sankateteza aliyense wobwera pambuyo pake.

Azunguwo adayamba ndi khofi. Khofi atakanika, tiyi ndiye adagwira. Mu 1891 Henry Brown adabzala tiyi pa Thornwood, mbewu atazitenga ku Blantyre Mission, ndipo mvula ya ku Mulanje idamulandira bwino tiyiyo. Koma tiyi amafuna manja ambiri. Manjawo adachokera kutsidya: kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alhomwe ankawoloka Ruo ndi Muloza kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Pofika kuno adapeza nthaka yabwino ili ndi eni ake a papepala. Kuti apatsidwe pomanga ndi polima, ankalipira ndi thukuta: mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho, koma wowerenga masiku a mweziwo anali mwini munda. Limeneli ndiye thangata, mawu amene poyamba ankatanthauza kuthandizana pa ntchito pakati pa anthu a m'mudzi. Thangata ndi chimodzi mwa zimene zidautsa John Chilembwe mu 1915. Lamulo la 1928 lidayesa kuliika m'malire, lipoti la Sidney Abrahams la 1946 lidalangiza boma kuti ligule malo ogonera a maesiteti n'kukhazikapo anthu, koma thangata lidathetsedwa mu 1962, ufulu uli pafupi.

Malaini adabadwira m'menemo. Kamangidwe kake sikadayambire kuno. M'minda ya tiyi ya ku Assam ndi ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka, antchito ankagonekedwa m'zipinda zondandalika zomwe mpaka pano amazitcha line rooms. Ku England nakonso, ku Manchester ndi ku Leeds, antchito a m'mafakitale ankakhala m'nyumba zogundana. Nzeru yake ndi ya wowerengera ndalama: khoma limodzi litumikire mabanja awiri, njerwa zichepe, ndipo kapitawo ataima pamalo amodzi aone zitseko zonse.

Agogo anga aakazi adakulira mu laini pa esiteti ina kuno. Ankandiuza kuti chipinda cha kumapeto anthu ankachilimbirana. Chifukwa chake? Phokoso limachokera mbali imodzi yokha, ndiponso kumbali kumatsala kadothi kodzalapo maungu ndi mpiru, mwinanso kakhola ka nkhuku. Koma ankamaliza ndi mawu amodzimodzi nthawi zonse: "Mwanawe, ya mu laini si yako. Ntchito ikatha umatuluka ndi mphasa yako basi." Mpaka lero zili choncho. Nyumba ya mu laini sungaigule, ngakhale utabadwiramo.

Masitolo a amwenye

Mdadada umene munthu angagule ndi winawu. Amalonda ochokera ku India, ambiri a ku Gujarat, adayamba kufika m'zaka za m'ma 1890, ndipo Johnston ankawalimbikitsa. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, itafika ku Blantyre mu 1908, siteshoni ya Luchenza idakhala khomo la Mulanje: tiyi ankatulukira pamenepo, malata ndi katundu wa m'sitolo n'kulowera pomwepo. Wothyola tiyi akalandira, ankafuna nsalu, sopo, mchere, palafini ndi bulangete, ndipo sitolo inkamudikirira pamphambano.

Mukaima pa Chitakale, pamene msewu wa ku Likhubula ndi Phalombe umapatuka, yang'anani bwino nyumba zakalezo. Kutsogolo kuli khonde lalitali la mizati, pomwe telala ankakhala ndi makina ake. Mkati muli chipinda chachikulu cha kauntala. Kuseri kuli zipinda zogona, khitchini, ndi kabwalo kotchingidwa ndi mpanda. Banja linkagona kumbuyo kwa malonda ake, ndipo masitolo ankagundana kuti aliyense akhale ndi khomo loyang'ana kumsewu.

Mu 1970 Kamuzu Banda adalamula kuti amwenye achoke m'malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu basi. Masitolo adatsala, ena otseka, ena ogulitsidwa mwachangu. Nthawi yomweyo kudachitikanso china. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kuchokera ku migodi. Kamuzu adaletsa anthu kupita ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo amuna zikwizikwi adabwerera kumudzi, ena ali ndi kandalama m'thumba. Mdadada umene ndikunenawu udagulidwa ndi mmodzi wa amenewo. Ana ake amati bambo awo adafika ndi njinga, wailesi, ndi ndalama zokwanira kugula mdadada wonse wa zitseko zinayi.

Kugula sitolo kunali kophweka kusiyana ndi kuiyendetsa. Mwenye ankapikula katundu pa ngongole kwa abale ake a ku Limbe. Mmalawi watsopanoyo analibe womukongoza. Chipiku idakhazikitsidwa kuti izipikulitsa katundu kwa amalonda a kumidzi, komabe masitolo ambiri adaguga. Zipinda zidasanduka za lendi, kenako za vidiyo, lero saluni ndi Airtel Money. Ndiye mukamva kuti "nyumba yakale ikugulitsidwa pa Chitakale", nthawi zambiri ndi sitolo imene idasiya kukhala sitolo tisanabadwe.

Zimene makoma amanena

Ndidapita ndi mmisiri wachikulire kuti akaione, ndipo zonse zimene adaloza zinali ndi mbiri kumbuyo kwake.

Choyamba ndi matabwa. Adapala pang'ono felemu ya chitseko ndi mpeni n'kundiuza kuti, "Tanunkhizani, achimwene." Mkungudza. Mtengo wa m'phiri la Mulanje umenewu chiswe sichiudya, ndiye chifukwa chake omanga akale ankaukonda pa zitseko, mawindo ndi mitanda ya denga. Anthu ankasenza matabwa ake pamutu kutsika nawo m'phiri. Mu 1984 udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko, koma kudula kosaloledwa ndi moto zidaumaliza, moti kafukufuku wa 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Tsono mkungudza wakale umene watsala uli m'nyumba ngati zimenezi. Felemu ikathyoka, ina yofanana nayo simungaipeze mwalamulo.

Chachiwiri ndi khoma la kumapeto. Nyumba za pakati pa mdadada zimatetezana, mvula imazimenya kutsogolo ndi kumbuyo kokha. Ya kumapeto ili ndi khoma lathunthu lopanda mnzake woliyedzamira. Langali likuyang'ana kum'mwera chakum'mawa, komwe kumachokera chiperoni, mvula yowaza ya nyengo yozizira ija imene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Njerwa zake adamangira dothi, osati simenti, monga ankachitira nthawi imeneyo. Khoma lotere limakhala zaka zambiri bola mutu ndi mapazi ake zikhale zouma: denga lotulukira kunja mokwanira, ndi ngalande yochotsa madzi pa maziko. Likanyowa mpaka mkati, dothi lija limasungunuka. Ife a kuno tidaziona mu March 2023, namondwe Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osaleka, makoma ambiri n'kugwa ngakhale kumene madzi osefukira sadafike. Khomali lidapirira, koma pansi pake pali ndere yobiriwira ndi pulasitala wofufuma. Mmisiri adati ntchito yoyamba ndi ngalande, penti abwere pambuyo.

Chachitatu ndi denga. Titakwera kusuzumira pamwamba pa siling'i, tidaona kuti khoma logawa nyumba yanga ndi ya oyandikana nawo limathera pomwe siling'i yathera. Pamwamba pake ndi mphanga imodzi kuyambira uku mpaka uko. Mitanda ndi yomweyo, malata ndi olumikizana. Womanga sankaganiza za eni anayi, ankamangira mwini mmodzi. Khoswe, utsi, ngakhale moto, zimayenda momasuka m'menemo. Sungasinthe malata ako osakhudza a mnzako.

Pepala limodzi, zitseko zinayi

Apa ndiye pagona nkhani, anzanga. Popeza mdadadawu udamangidwa ngati chinthu chimodzi, uli pa poloti imodzi, ndi lizi imodzi yochokera ku boma, m'dzina la munthu mmodzi amene adamwalira kalekale. Wogulitsa atha kukulozera chitseko n'kunena kuti "iyi ndi yanu", koma pa mapepala a ku ofesi ya zamalo chitseko chimenecho palibe. Kuti nyumba ya kumapeto ikhale yanga, pafunika wopima malo adule polotiyo, aike mabikoni, boma livomereze, kenako lizi ya gawo langalo ilembedwe m'dzina langa. Zaka za lizi zimawerengedwa kuchokera pamene idaperekedwa, osati pamene iwe wagula, ndipo ngongole ya lendi ya nthaka imene eni akale sadalipire imatsala pa polotiyo kudikira wobwera.

Funso lina ndi lakuti wogulitsayo ndani kwenikweni. Kuno kwathu ndi kwa chikamwini. Munda umatsata mayi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Koma sitolo imene mwamuna adagula ndi ndalama zake za ku Joni ndi ya ndani iye akamwalira osasiya wilo? Ana ake amati ndi ya bambo awo. Ana a alongo ake amati ndi ya malume awo. Milandu yotere yadya mabanja ambiri. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye lidakusandutsa mlandu. Komabe wogulitsa ayenera kukhala ndi chikalata cha kukhoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Ine ndidapempha zinthu ziwiri: chikalatacho, ndi kukumana ndi banja lonse, a kuchimuna ndi a kuchikazi omwe, pamaso pa amfumu. Lamulo likhoza kukupatsa nyumba, koma amene adzakhale akudutsa pakhonde pako tsiku ndi tsiku ndi abale aja.

Mwina mukuti, bwanji osangogula poloti n'kumanga yatsopano? Boma la Mulanje lili ndi anthu oposa 680,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi kapena m'nkhalango ya phiri. Poloti ya m'mbali mwa msewu wa tala siipezeka wamba. Malamulo a zamalo a 2016 adatsegula njira yolembetsera malo a makolo, koma ntchitoyo ikuyenda pang'onopang'ono. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene ankasunga ndalama za simenti ndi malata adadzuka zitachepa mphamvu. Nyumba yakaleyi ili kale ndi magetsi, mpopi, msewu, ndi kadothi ka kumbali kaja kamene agogo ankakasirira.

Pakali pano ndalama zikadali ku banki. Wopima malo adabwera, mabikoni adaikidwa, mafomu ali ku Blantyre, ndipo tidagwirizana kuti ndidzalipira zonse chilolezo chikatuluka. Mwenye amene adamanga mdadadawu adachoka chifukwa cha lamulo, wa ku Joni adausiya osaugawa, agogo anga adakhala mumdadada zaka zambiri popanda dzina lawo kulembedwa paliponse. M'banja mwathu ndine woyamba kudikira pepala lotere, ndipo sindikufuna kuthamanga.

Chimene sichingadikire ndi denga. Mayi amene amasoka zovala khomo loyandikana nalo, omwe ndi mmodzi wa ana a malemu, adandiitana sabata yatha n'kundionetsa pamene pamadontha, pamwamba penipeni pa khoma lathu logawanalo. "Mwanangu, mapepala anuwo abwera, koma mvula ya November ifika kaye." Tagwirizana kuti malata a pamalirewo tigula pamodzi, theka iwo theka ine, ndipo mmisiri akweza khomalo mpaka likagunde denga.