Zithunzi Zakale za Pakompyuta pa Masikirini Amakono

Makompyuta ambiri a m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 ankapanga zithunzi ndi timadontho 320 chopingasa ndi 200 chotsika. Sikirini yamakono ikalandira chithunzi chotere imachikulitsa, ndipo pokulitsapo mpamene maonekedwe ake amasungika kapena kupotoka.

Mbiri

Mu 1981 kampani ya IBM inatulutsa khadi la CGA, loonetsa 320×200 m'mitundu 4. EGA inabwera mu 1984 ndi 640×350, kenako VGA mu 1987 ndi 640×480. VGA inalinso ndi Mode 13h, ya 320×200 m'mitundu 256, yomwe opanga magemu a DOS anaikonda kwambiri. Gemu ya Doom ya mu 1993 nayo inali ya 320×200.

Mamonita a CRT a nthawiyo, aja achimsana kumbuyo, anali a 4:3, ndipo ankayala mizere yonse 200 mpaka kudzaza galasi. Motero kadontho kalikonse kankatalika ndi 20 peresenti kuposa m'lifupi mwake, ndipo ambiri ojambula zithunzi za magemu ankaganizira kutalikako.

Kagwiridwe ka masikirini amakono

Sikirini ya LCD ili ndi timadontho tambali zofanana tosasuntha, kawirikawiri 1920×1080, pa 16:9. Chithunzi cha 320×200 chikakulitsidwa mofanana mbali zonse chimakhala cha 16:10: mpira umaphwatalala ngati dzira logoneka, nkhope n'kufufuma masaya.

Mamonita ambiri amapereka njira zitatu. Yoyamba ndi kutambasula chithunzi kudzaza sikirini yonse, komwe kumachipotoza kwambiri. Yachiwiri ndi kusunga 4:3, chithunzi n'kukhala 1440×1080 ndi mipata yakuda ya timadontho 240 kumanzere ndi kumanja. Yachitatu ndi kuchiika pakati osachikulitsa. Vuto lina ndi lakuti VGA imabwereza mzere uliwonse kawiri pa 70 Hz, choncho monita imachiyesa cha 720×400, chomwe chinali cha zilembo, ndipo timadontho tina timatuluka tonenepa kuposa tinzake.

Njira za okonda magemu akale

Okonda magemu akale amafunafuna mamonita a 1600×1200 chifukwa masamu ake amagwirizana bwino zedi: 320 kuchulukitsa ndi 5 ndi 1600, ndipo 200 kuchulukitsa ndi 6 ndi 1200. Kadontho kalikonse kakale kamakhala ndi timadontho 5 m'lifupi ndi 6 m'litali, popanda chimbuuzi, ndipo kutalika kwake kumafanana ndendende ndi kwa pa CRT. Ena amagwiritsa ntchito pulogalamu ya DOSBox, momwe kulemba aspect=true kumabwezeretsa 4:3. Mu 2019 makampani a Intel, Nvidia ndi AMD anawonjezera integer scaling, njira yokulitsa chithunzi ndi manambala athunthu, koma payokha siitalikitsa timadontho.

Kusamala zimenezi kumathandiza kuti zojambula za nthawiyo zioneke pafupifupi momwe eni ake ankazionera.